Know Your Meme: ndani amagamula kuti meme iyi yatchukadi?

Know Your Meme ndi tsamba la pa intaneti la ku America limene ntchito yake ndi kulemba mbiri ya ma meme (zithunzi kapena mawu a nthabwala amene anthu amagawana n'kumawasintha pa intaneti) ndi makanema amene afala: chithunzi chakuti chinayambira kuti, anachiika koyamba ndani, tsiku liti, nanga chinadumpha bwanji kuchoka pa Reddit kukafika pa Twitter mpaka pafoni ya azakhali anu. Linayamba mu Disembala 2007 ngati pulogalamu ya makanema ya kampani ya Rocketboom ku New York, ndipo nkhokwe yake ya nkhani inatsegulidwa mu 2008. Oyambitsa anali Kenyatta Cheese, Elspeth Rountree, Jamie Wilkinson ndi Andrew Baron. Mu 2011 linagulidwa ndi kampani ya Cheezburger, ndipo kuyambira 2016 lili m'manja mwa kampani ya Literally Media. Mu 2014 Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inayamba kusunga masamba ake. Kuwerenga n'kwaulere, koma zonse zili m'Chingerezi.

Mukafuna kudziwa kumene meme inachokera, yambirani pano, palibe tsamba lina lofanana nalo. Koma mukafuna kudziwa ngati chinthu chinatchukadi pakati pa anthu, musadalire chidindo chake chotsimikizira chokha, chifukwa limangoona zimene zasiya mapazi poyera.

Aliyense angathe kutsegula akaunti n'kulemba nkhani ya meme imene waiona. Nkhani yatsopanoyo imalowa ndi chizindikiro cha Submission, kutanthauza kuti ikufufuzidwabe. Akonzi olembedwa ntchito ndi tsambali, mothandizidwa ndi oyang'anira odzipereka, akakhutira ndi umboni amaipatsa chizindikiro cha Confirmed. Akaona kuti ndi yosakwanira kapena kuti chinthucho sichinapite patali, amaiponya ku Deadpool. Nkhani ya ku Deadpool siifufutidwa, imaonekabe ndi chenjezo pamwamba, ndipo amene sakugwirizana nazo angathe kubweretsa umboni wina kapena kupempha chilolezo choti aikonze yekha. Ichi tikuchiyamikira kwambiri. Wowerenga amaona zimene zakanidwa, ndipo angathe kudziweruzira yekha ngati akonzi analakwitsa.

Chimene akonzi amafuna ndi zinthu ziwiri: kufala ndi kusandulika. Anthu ambiri amene nkhani zawo zimakanidwa amabweretsa choyambacho n'kuiwala chachiwiri. Kanema woonedwa ndi anthu 5 miliyoni, koma popanda ndi mmodzi yemwe amene wamutengera, kumusintha kapena kumuikira mawu ena, ndi kanema wotchuka basi. Meme imayamba pamene anthu osadziwana atenga chinthu chimodzi n'kumachigwiritsa ntchito ponena zawozawo. Taonani chithunzi chija cha mnyamata amene akucheukira mtsikana wina pamene chibwenzi chake chamutuzulira maso. Anachijambula Antonio Guillem wa ku Spain mu 2015, kuti azigulitsa kwa makampani ofuna zithunzi. Chinakhala pafupifupi zaka ziwiri chili chithunzi wamba. Mu 2017 anthu anayamba kulemba maina pa anthu atatuwo, ndipo mu Ogasiti chinafala pa Twitter, wina kuika za ndale, wina za chakudya, wina za maphunziro. Chithunzi n'chimodzimodzi, koma uthenga ukusintha ndi munthu aliyense. Uko ndiko kusandulika kumene akonzi amafunsa.

Amayang'ananso ngati chinthucho chinafala chokha kapena pali amene ankachikankha. Kampani ikalipira anthu otchuka khumi kuti aike chithunzi chimodzi tsiku limodzi, manambala amakwera, koma pakatha sabata zii. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: zitsanzo zonse zimafanana mawu, zimachokera kumaakaunti akuluakulu okha, ndipo zimathera m'masiku omwewo. Zofala zokha zimakhala zosalongosoka, zina zojambulidwa moipa, zina zolembedwa molakwika, ndipo zimatulukira pa mapulatifomu osiyanasiyana.

Nkhani iliyonse imakhala ndi zigawo zofanana. About imafotokoza mwachidule, Origin imanena gwero, Spread imatsata kufala kwake motsatira masiku, kenako zitsanzo, chithunzi cha Search Interest chosonyeza mmene anthu akhala akufufuzira memeyo pa Google, ndi malinki a umboni pansi penipeni. Mphamvu ya tsambali ili pa Origin ndi Spread. Nkhani yolembedwa bwino imakuuzani dzina la akaunti, tsiku, pulatifomu, ndi kuchuluka kwa amene anaikonda pofika tsiku lakutilakuti. Kulekanitsa gwero ndi kufala kumathandiza kwambiri, chifukwa zinthu ziwirizi zimatalikirana nthawi zambiri. Galu uja wotchedwa Doge, dzina lake lenileni Kabosu, anajambulidwa ndi mwini wake ku Japan mu Febuluwale 2010, koma anafala mu 2013, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anthu anapanga ndalama ya pa intaneti ya Dogecoin ndi nkhope yake. Chule wotchedwa Pepe anajambulidwa ndi Matt Furie mu 2005 ngati nthabwala chabe, koma pofika Seputembala 2016 bungwe la ku America lolimbana ndi chidani la Anti-Defamation League linamuika pa mndandanda wa zizindikiro zimene magulu a chidani akugwiritsa ntchito. Mtolankhani kapena mphunzitsi amene waona chithunzi chotere n'kufuna kudziwa ngati chili ndi tanthauzo lobisika asanachigawe, apa ndi pothandiza.

Chithunzi cha Search Interest ndicho chimasocheretsa ambiri. Chimachokera ku Google Trends, ndipo manambala ake amayambira pa 0 kulekeza pa 100. Nambala ya 100 sikutanthauza anthu 100 kapena 100 miliyoni. Imangosonyeza nthawi imene mawuwo anafufuzidwa kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Choncho meme yaing'ono ndi yaikulu, iliyonse pa tsamba lake, zonse zimafika pa 100. Simungazifanizire poyang'ana zithunzi ziwirizo. Muyenera kupita ku Google Trends komweko n'kuika maina onse awiri pamodzi. Komanso chimawerenga okhawo amene analemba dzina la meme pa Google. Chinthu chimene chilibe dzina lodziwika, kapena chimene anthu amachimva popanda kufunsa, sichioneka konse.

Poyerekeza ndi Wikipedia, tsambali ndi lofewa ndiponso lachangu. Wikipedia imafuna kuti nkhani ikhale italembedwa mozama ndi manyuzipepala, mabuku kapena akatswiri odalirika amene alibe ubale ndi mwini nkhaniyo, ndipo positi ya pa Facebook siitengedwa ngati umboni wa kutchuka. N'chifukwa chake kumeneko kumalowa zikuluzikulu, monga Ice Bucket Challenge ya mu 2014, yodzithira madzi ozizira pa kanema, imene inasonkhetsa madola 115 miliyoni ku bungwe lolimbana ndi matenda a ALS la ALS Association, kapena diresi lija la mu Febuluwale 2015 limene ena ankati ndi la buluu ndi lakuda, ena loyera ndi lagolide. Know Your Meme imalandira mapositi enieniwo ngati umboni, ndiye imagwira zinthu zikadali zotentha, atolankhani asanazidziwe. Mtengo wa changucho ndi wakuti nkhani zambiri zimangokhala pa Submission miyezi kapena zaka, ndipo wowerenga wothamanga amaziwerenga ngati zotsimikizika. Yang'anani chizindikiro musanakhulupirire.

Vuto lalikulu lili pa mtundu wa umboni. Akonzi amatsata zimene zili ndi linki, tsiku ndi nambala yooneka: Reddit, 4chan, Tumblr, YouTube, X (dzina latsopano la Twitter), TikTok, Instagram. WhatsApp ilibe zonsezi. Kuyambira Epulo 2016 mauthenga ake ndi otsekedwa moti amaonedwa ndi wotumiza ndi wolandira okha, ndipo chizindikiro chakuti uthenga watumizidwa kambirimbiri sichinena kangati kapena woyamba ndani. Ku Malawi, Zambia ndi maiko ambiri a mu Africa, kumene anthu amagula bandulo ya WhatsApp ndi Facebook yokha, nthabwala zambiri zimayenda m'magulu a kutchalitchi, a kuntchito, a anzawo a kusukulu, m'masitika ndi m'mauthenga a mawu. Kanema angathe kuzungulira Lilongwe, Chipata ndi Tete, kufika kwa abale ku Johannesburg, popanda kusiya chilichonse chimene mkonzi wa ku America angaloze. Kwa tsambali, chinthu chotero sichinachitike.

Zotsatira zake n'zakuti za ku Africa zimaonekera pamene azungu azitola. Anyamata onyamula maliro akuvina a ku Ghana, otsogoleredwa ndi Benjamin Aidoo, anali odziwika kwawo kalekale, ndipo BBC inawajambula mu 2017. Koma dziko linawawerenga ngati meme mu 2020, pamene anthu a pa TikTok anayamba kulumikiza kanema wawo ndi makanema a anthu ochita ngozi, n'kuikapo nyimbo ya ku Ulaya. Ndiye pali meme ya Ugandan Knuckles ya mu Januwale 2018, imene ili ndi dzina la Uganda koma inafalitsidwa ndi osewera masewero a pa intaneti a VRChat ponyogodola katchulidwe ka Chingerezi ka anthu a kumeneko. Zoterezi mbiri yake imalembedwa mwatsatanetsatane chifukwa zinachitikira pamaso pa akonzi. Izi sizikutanthauza kuti akonziwo ndi a mtima woipa. Muyeso wawo ndi umene uli waufupi, ndipo tsambali silichenjeza wowerenga za malire amenewa, chimene tikuona kuti ndi cholakwika chenicheni.

Pamene za kwathu zadutsa poyera, muyeso womwewo zimaukwanitsa bwinobwino. Nyimbo ya Linny Hoo ya a Giddes Chalamanda, imene anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafala pa TikTok moti malipoti a kuchiyambi kwa 2022 anati yaonedwa koposa 80 miliyoni. Ili ndi gwero lodziwika, tsiku, anthu a maiko osiyanasiyana amene anaivina ndi kuiimba mwa njira yawo, ndi nkhani za m'manyuzipepala akunja. Kufala kulipo, kusandulika kulipo. Chosowa pa zinthu zotere nthawi zambiri ndi munthu wodziwa Chichewa ndi Chingerezi amene angakhale pansi n'kusonkhanitsa umboni.

Amene akufuna kulemba nkhani yoti isagwe, ayambe ndi gwero. Ngati ndi chithunzi, chiikeni pa TinEye, tsamba lofufuzira kumene chithunzi chinaonekera, n'kusankha kuti zotsatira ziyambe ndi zakale kwambiri, kenako yesaninso pa Google Lens. Dziwani kuti tsiku limene TinEye imapereka ndi limene iyo inachipeza chithunzicho, osati limene chinaikidwa, ndiye tsegulani tsambalo muone tsiku lenileni. Pa X lembani mawu a meme pamodzi ndi until: ndi tsiku, monga until:2020-03-01, n'kumabwerera m'mbuyo mwezi ndi mwezi mpaka zotsatira zitatha. Pa TikTok dinani dzina la nyimbo kapena mawu pansi pa kanema kuti muone woyamba kuwagwiritsa ntchito; dzina losindikizidwa pa kanema wotsitsidwa lingathe kukhala la wobwereza chabe. Chithunzi chimene mwalandira pa WhatsApp musachidalire pa tsiku, chifukwa pulogalamuyo imachotsa zolembedwa zamkati za nthawi ndi kamera ikamachichepetsa.

Kenako sonkhanitsani zitsanzo. Malangizo athu ndi zitsanzo zisanu ndi chimodzi kufikira khumi, za anthu osiyana, pa mapulatifomu osachepera awiri, ndipo zisakhale za tsiku limodzi. Pa chilichonse lembani dzina la akaunti, tsiku, ndi nambala ya oonera pamodzi ndi tsiku limene mwawerenga nambalayo, poti mawa isintha. Linki iliyonse isungeni pa Wayback Machine, tsamba losunga makope a masamba a pa intaneti, podina Save Page Now. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi, ndipo nkhani zakale zadzaza malinki akufa: pulatifomu ya makanema aafupi ya Vine itatsekedwa mu Januwale 2017, umboni wa ma meme ambiri unatsala wolozera malo opanda kanthu. Ngati nthabwalayo ili m'Chichewa, tanthauzirani mawu ndi kufotokoza chimene chikuseketsa, apo ayi mkonzi aona chithunzi chopanda mutu n'kuchiponya ku Deadpool. Musalembe za meme imene mwapanga nokha sabata yatha. Zotero amazizindikira msanga.

Pali funso lina limene muyeso wa kufala ndi kusandulika suliyankha: kodi munthu amene ali pa chithunzicho anavomera? Mu 2003 kanema wa mnyamata wa sukulu wa ku Quebec, amene anadzijambula akusewera yekha, anaikidwa pa intaneti ndi anzake iye osadziwa. Anasekedwa ndi dziko lonse mpaka anasiya sukuluyo, ndipo banja lake linakasuma kukhoti. Kulemba mbiri ya chinthu chotere kumachikhazikitsa mpaka kale pa Google. Ngati amene watrenda ndi mwana, wodwala, woledzera kapena munthu wamba wojambulidwa mobisa pamsika, musatumize dzina lake kapena mudzi wake, ngakhale manambala atakhala aakulu bwanji.

Pa kagwiritsidwe ntchito, konzekerani zotsatsa malonda zambiri. Tsamba limodzi limabwera ndi makanema ndi zithunzi zoyenda zimene zimadya data msanga, ndiye pafoni yatsani njira yosungira data pa burawuza, kapena dikirani Wi-Fi. Ndemanga za owerenga pansi pa nkhani zimakhala zaukali, makamaka pa nkhani za ndale, ndipo siziwonjezera umboni uliwonse. M'malo osungira zithunzi muli zina zosayenera ana ngakhale zili ndi chenjezo, choncho mphunzitsi amene akufuna kuligwiritsa ntchito m'kalasi asankhiretu nkhani ndi kuzijambula sikirinishoti, osati kutsegula tsambalo pamaso pa ophunzira. Pofufuza, bokosi la tsambalo limafuna dzina la Chingerezi la meme. Ngati simukulidziwa, fotokozani chithunzicho pa Google m'mawu atatu kapena anayi n'kuwonjezera knowyourmeme kumapeto.