Miyezi 14 ndi kachitsulo ka titanium m'khosi, mmene zikuyendera

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa kuti khosi lija lili bwanji, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi basi. Kwa amene simukudziwa, ndimagwira ntchito yosamalira anthu (care) kuno ku UK ndipo chaka chatha disiki, kachinthu kofewa kamene kamakhala pakati pa mafupa a m'khosi, ya pakati pa fupa lachisanu ndi lachisanu n'chimodzi (C5 ndi C6) inatuluka n'kumapana mtsempha, dzanja lamanja dzanzi lokhalokha mpaka ku chala chachikulu, kapu ya tiyi imangondipulumuka. Anandichita opaleshoni kudzera kutsogolo kwa khosi, kuchotsa disikiyo n'kuikamo yopanga yomwe imayenda, osati zomata mafupa awiriwo pamodzi zija.

Za titanium zinabwera chifukwa cha ndolo, musaseke. Ine ndolo zotchipa za mumsika zimanditupitsa makutu mpaka kutuluka madzi, adokotala atamva anati imeneyo mwina ndi nickel, bola tipewe zitsulo zomwe zimakhala nayo. Komanso anati titanium sisokoneza kwambiri chithunzi cha MRI, makina ojambula mkati mwa thupi, ngati chitsulo china chotchedwa cobalt chrome, ndiye mawa vuto likabwera azitha kuona bwino.

Koma chomwe ndinadzamva pambuyo n'chakuti chitsulochi chili ndi khalidwe lake. Si titanium yekha, amasakaniza aluminium 6% ndi vanadium 4%, ndipo thupi limachilandira chifukwa pamwamba pake pamapangika kachikopa kopyapyala ka oxide, sichichita dzimbiri ndipo fupa limamerapo bwinobwino. Vuto ndi kukhulana. Chikamakhulana ndi china kachikopa kaja kamasupuka, chimadyeka msanga n'kumatulutsa fumbi lakuda, ndipo khosi mukudziwa silipuma, tsiku lonse kucheuka, kuwerama pa foni, ngakhale kutulo. Fumbilo likachuluka thupi limayamba kulimbana nalo ndipo fupa lozungulira limatha kudyeka, kachitsuloko n'kuyamba kugwedera. N'chifukwa chake amachikuta pamwamba, ena ndi titanium nitride yooneka ngati golide, changa ndi kaboni wolimba amene amati DLC, pakati pali kapulasitiki ka polyethylene. Mbali yogunda fupa ndiye amaisiya yokhakhala dala kuti fupa ligwire.

Mmene ndikumvera? Dzanzi linatha mkati mwa mwezi woyamba, kupatula kansonga ka chala chachikulu komwe mpaka pano kamakhala ngati si kanga kukazizira. Kumeza kunandivuta masabata atatu, ndimangodya phala ndi nthochi zofinya ngati khanda. Chipsera chabisala mu mzere wa khosi, sungachione pokhapokha ndikuuze. Totupa kapena kuyabwa palibe. Ku airport popita kumudzi pa Khirisimasi makina aja sanalire n'komwe, ndinali nditakonzekera kale zofotokoza eti.

X-ray ya miyezi 12 amandijambula nditawerama kenako nditagadamira kumbuyo, disiki ikuyenda, palibe mzere wakuda pakati pa chitsulo ndi fupa womwe umasonyeza kuti chikugwedera. Kokha anaona kafupa kakang'ono kakumera m'mbali, anati zimachitikira ambiri ndipo nthawi zina kamakula mpaka disikiyo kusiya kuyenda, ndiye tikukayang'anira.

Ine ndinena zoona, miyezi 14 ndi yochepa kwambiri kuti ndiziti chokutira chija n'cholimba, kudyeka kumaoneka patapita zaka ndipo ndili ndi zaka 41 zokha. Moti amene mukukonzekera opaleshoniyi musangomva kuti titanium n'kusangalala, funsani kuti mbali zokhulanazo ndi chani ndi chani, anakuta ndi chiyani, ndipo mtundu umenewo wakhala m'matupi mwa anthu zaka zingati. Ine ndinafunsa mochedwa, chili kale m'khosi.