Laimu kapena simenti pansi pa phula, kuno ku Winnipeg

Anzanga amene mwayamba maganyu a misewu kuno ku Manitoba, m'dziko la Canada, mumangondifunsa zomwezi, zoti polimbitsa dothi la pansi pa phula tisakanize laimu kapena simenti, ndiye ndiyankhe kamodzi. Vuto kuno si phula ayi, ndi dothi la pansi. Winnipeg yakhala pa dongo lomwe inasiya nyanja yakale ya Agassiz, ndipo chisanu chimalowa pansi pafupifupi mamita 2. Madzi amakwera n'kumaundana m'dothimo, msewu umatukumuka, ndiye ikafika March ndi April pamwamba pamasungunuka pansi pakadali gwa, madzi alibe kolowera, dothi limangosanduka phala. N'chifukwa chake boma limachepetsa katundu wa malole m'misewu ina nyengo imeneyo.

Simenti ndili nayo chakukhosi, sindibisa. Pomwe timaimika magalimoto kutchalitchi kwathu, kontrakitala wina anatiuza kuti simenti ndiye mapeto a zonse, tinasonkha ndalama movutika, ndipo inaumadi msanga, aliyense kusangalala. Zomwe sanatiuze n'zoti simenti ikamauma imakhwinyata n'kung'aluka, ndipo ming'aluyo imakwera mpaka kutulukira pa phula. Chisanu chitatha tinapeza mizere yodutsa mopingasa, ina yolowa chala, madzi a mchere womwe amathira posungunula chisanu akulowera momwemo, usiku n'kuundana, m'mphepete mwake kumanyenyeka. Pano chaka chilichonse timalipira anthu odzamata ming'alu, ndalama imene pa pepala la mtengo sinalembedwe. Komanso pa dongo lomata simenti sisakanikirana bwino, imasiya zibuma. Malo ake ndi pa mchenga ndi miyala, kumeneko sindingaitsutse.

Laimu ndiye mnzake wa dongo. Amaliumitsa, limasiya kufufuma, makina amayenda bwino tsiku lomwelo. Koma amafuna kutentha, kukazizira kufika madigiri 5 Celsius kulimba kumaima, ndiye wothira mu October wangotaya ndalama, thirani mu June kapena July apeze nthawi chisanu chisanabwere. Pa dothi longa ufa, losamata ngati dongo, lomwe ndi limene limatukumuka kwambiri, laimu alibe mphamvu kwenikweni.

Fumbi la zonse ziwiri limawotcha maso ndi khungu, valani zodzitetezera.

Ine pa dongo la kuno ndi laimu basi, pamwamba pake miyala ya kwale yochindikala, ndi ngalande zoti madzi achoke, chifukwa popanda ngalande zonse ziwiri zimagonja. Kontrakitala akakakamira simenti, mufunseni kuti ming'alu ya chaka chachitatu adzamate ndani, ndipo yankholo alilembe mu kontrakiti musanasaine.