Sukulu ya Chingerezi chokhachokha kapena yosakaniza ndi Chichewa?

Kuno ku Luchenza sukulu zamkaka zachuluka ngati maokala, ndipo poti ana anga awiri adadzera njira zosiyana, ndati ndikuuzeniko makolo anzanga zomwe ndidaona.

Woyamba ndidamulembetsa kumene Chichewa n'choletsedwa, fizi yake yowawa ndithu. Ubwino ulipo, ndisaname. Lilime limafewa msanga, mwana sachita manyazi kuyankhula, komanso mayeso a Sitandade 8 mpaka MSCE amalembedwa m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chichewa. Boma nalo mu 2014 lidalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, kusiya ndondomeko ya 1996 yoti mpaka Sitandade 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Koma tsiku lina mtsikana wangayo adatilakatulira ndakatulo yonse pakhonde, timanja uku ndi uku, ife m'manja phuphuphu. Agogo ake atafunsa kuti, "Nanga ikunena chiyani, mwanawe?" adangoti kukamwa yasa. Adaloweza basi, ngati chinkhwe.

Mlongo wake adapita ya mmera mpoyamba, komwe alezi amayamba kufotokoza m'Chichewa kenako n'kutchula mawu omwewo m'Chingerezi. Apa mpomwe ndidaona kusiyana. Chichewa timalemba momwe timatchulira, ndiye mwana akangogwira a e i o u ndi ba be bi bo bu, amayamba kulumikiza yekha. Mnyamatayu adawerenga mawu oti "mbatata" pachikwangwani kumsika popanda womuuza, chaka chimodzi chisadathe. Chingerezi sichitero, "a" wa mu cat si wa mu cake. Atafika pa Chingerezicho ankadziwa kale kuti zilembo zimanyamula mawu, ndipo akapanda kumva ankafunsa. Mlongo wake ankangogwedeza mutu.

Povuta pake, Chingerezi cha mnyamatayu chidabwera mochedwa, anzake ankamuseka katchulidwe. Ndiponso kwina amati akusakaniza pomwe Chingerezicho ndi "good morning" yekha, ndiye kakhaleni m'kalasi ola limodzi musadalembetse.

Chilomwe cha agogo ndiye sukulu zonse ziwiri sizichidziwa n'komwe. Ana anga amachimva mokwanira kamodzi pachaka, ku Mulhako kwa Chonde. Mwana wanga wachitatu akupita yosakanizayo, ndipo madzulo agogo avomera kumamutuma madzi ndi nkhuni m'Chilomwe.