Sentinel-2 pa madambo a Shire ndi Chilwa: zomwe taona patatha miyezi khumi

Kwa amene mukupanga mapu a m'mbali mwa madzi muli kuno ku Blantyre, zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 tikuzivomerezabe. N'zaulere, kadontho kamodzi ka chithunzi (pixel) kamaimira mamita 10 pansi, ndipo setilaiti imabwerera pamalo amodzi masiku asanu alionse. Ku Elephant Marsh, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, minda ya m'dimba imaoneka bwino. Pa zithunzi za setilaiti ina, Landsat, ya mamita 30, imasokonezeka ndi bango.

Vuto lalikulu ndi namasupuni. Akaphimba madzi, NDVI (muyeso wa kubiriwira kwa zomera) imakwera ngati pamunda wa nzimbe, ndiye mapu amasonyeza mtunda pomwe asodzi akupalasa bwato. MNDWI, muyeso wa madzi wochokera ku B3 ndi B11 (magawo a chithunzi cha Sentinel-2 ojambula kuwala kobiriwira ndi kwa infrared), imagwira bwino madzi oonekera, ngakhale amatope, koma a pansi pa zomera siiwaona. Chimene chimathandiza ndi kusanjikiza zithunzi za miyezi ingapo: namasupuni amasuntha ndi mphepo, bango ndi nzimbe zimakhala pomwepo. Kumbukiraninso kuti B11 ndi ya mamita 20, choncho timakhwawa tating'ono timasowa.

Mitambo ndiyo imadya nthawi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chithunzi choyera n'chosowa, pomwe ndi nthawi imene madzi amasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Pamenepo tengani Sentinel-1, ya radar, yomwe imaboola mitambo. Pa Sentinel-2, gawo la SCL, losiyanitsa mitambo, madzi ndi zomera, limathandiza kubisa mitambo, koma nthawi zina limatenga mthunzi wa mtambo ngati madzi. Muziyang'ana ndi maso.

Poyeza kusintha, yerekezerani mwezi womwewo wa zaka zosiyana. Nyanja ya Chilwa n'njosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, moti gombe lake limayenda kutali chaka chisanathe. Mukaika Epulo pambali pa Novembala mudzalengeza kuti dambo latha, chonsecho ndi chilimwe chabe, ndipo mapu otere amatha kusokeretsa okonza ndondomeko za ulimi ndi usodzi. Sentinel-2 idayamba mu 2015, ndiye kuuma kwa nyanjayi kwa mu 1995 mukakupeza pa Landsat.

Fayilo imodzi imayandikira gigabayiti, choncho dulani dera lanu mu Google Earth Engine, pulogalamu ya pa intaneti ya zithunzi za setilaiti, musanatsitse, kenako mumalizire mu QGIS, pulogalamu yopangira mapu, pa dongosolo loyezera malo la UTM 36S. Mapu akale a dongosolo la Arc 1950 asintheni kaye kuti agwirizane ndi zithunzizi, apo ayi gombe lidzaoneka ngati lasuntha. Ndipo malo otsimikizira mapu anu katengeni ndi GPS pamalopo, mwezi womwewo wa chithunzi.