Kadet LT-40: ndegeyo nyenyezi 5, shopu yomwe inandigulitsa nyenyezi 3

Ndegeyi ilibe mlandu, ndinene kaye zimenezo. Kit ya SIG Kadet LT-40, bokosi la zidutswa zomangira kandege kowulutsa ndi rimoti, ndi yabwino kwambiri, ndipo munthu akandifunsa ndege ya balsa (thabwa lopepuka kwambiri) yoti ayambire kumanga ndi kuphunzirira kuwulutsa, nditchula yomweyi. Dandaulo langa lili pa shopu ina ya kum'mawa kwa Joni kuno, yomwe ambiri a inu mumagulako mafuta ndi mapulopela. Dzina sinditchula, eni ake akawerenga adzidziwa okha.

Za mtengo wogulira mukudziwa kale mmene zinthu zilili. Balsa wambiri amachokera ku Ecuador, ndipo kuyambira cha m'ma 2020 pomwe opanga mapiko a makina amagetsi a mphepo anayamba kulimbirana mtengo womwewu, kabokosi ka timatabwa sikalinso kotchipa. Ine ndinachita kusunga ndalama za maovataimu a Loweruka mpaka zinakwana.

Ndinapita kushopuko ndikuchokera kuntchito, ndili m'ovolosi. Mnyamata wa pa tilu anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenako n'kufunsa ngati abwana anga andituma. Ndinati ayi, ndegeyo ndi yanga. Apo anayamba kundikankhira ku ndege za thovu zija zomangamanga kale, amvekere kumanga ya balsa kumafuna munthu wodekha komanso wotha kuwerenga pulani. Abale, ine ndine kalipentala. Makabati a kukhitchini omwe manja angawa apanga ali m'nyumba zambiri za mzinda uno, ndipo pulani ndimawerenga tsiku ndi tsiku. Ndinangomeza mate. Ndinapempha kuti titsegule bokosilo ndione matabwa ndisanalipire, iye anakana, akuti tepi ndi ya kufakitale, ukatsegula ndiye kuti wagula. Ndinalipira.

Nditafika kunyumba, kungodula tepi ija, fungo la chinyontho linandilonjera. Munthu wa matabwa fungo limenelo samalisokoneza ndi lina. Zidutswa zomwe zinali pamwamba zinali bwinobwino, koma matabwa opyapyala a pansi anali ndi mizere yofiirira ya madzi, ena atayamba chuku m'mphepete. Timitengo titalitali ta msana wa phiko tinali titapindika ngati uta. Pulani nayo inali ndi mabala a madzi pakona. Nditatembenuza bokosilo ndinapeza chipepala chachikulu cha mtengo chitamatidwa pansi, malo omwe palibe amamatapo mtengo, ndipo tepi yomwe ankati ya kufakitale ija inali yatsopano, yomatidwa pamwamba pa ina yakale yodulidwa kale. Wina anatsegula bokosili, anaona, anaumitsa, n'kutsekanso.

Kwa amene simunamangepo: phiko la ndege imeneyi ndi lalitali mainchesi 70, pafupifupi masentimita 178. Mukamanga phiko lotalika choncho pa msana wokhota, limatuluka lopotoka, ndipo ndege ya phiko lopotoka imangokokera mbali imodzi moyo wake wonse. Wophunzira amaganiza kuti vuto ndi zala zake pomwe vuto linayambira patebulo. Si nkhani ya maonekedwe chabe ayi.

Loweruka m'mawa ndinakwera taxi ndi chibokosi changa pamiyendo, kubwerera. Ndinamupeza mnyamata yemwe uja. Ndinaika bokosi pakauntala, lisiti pamwamba, n'kufotokoza mwaulemu. Sanatsegule n'komwe. Anangoloza chikwangwani cha kukhoma choti katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Ndinamuonetsa tepi ziwiri zija. Anakweza mapewa. Kenako ananena mawu omwe mpaka lero akandibwerera mtima umawira: akuti mwina kumene ndikukhalako kumadontha. Pamaso pa makasitomala ena! Mushopu monse munangoti zii. Munthu wagula katundu ndi thukuta lake, mwamugulitsa chonyowa mukudziwa, ndiye mukumuuzanso kuti amagona m'chisakasa?

Sindinakuwe, ngakhale manja ankanjenjemera. Ndinatulutsa kamtengo kamodzi, n'kukagoneka pagalasi la kauntala yake yomweyo. Nsonga ziwiri zinakhudza galasi, pakati pali mpata woti chala changa chaching'ono chinalowa. Ndinakagubuduza, kakugogoda go, go, go. Ndinamufunsa ngati thabwa lingakhote chonchi ndi kumera chuku usiku ungapo chabe. Bambo wina yemwe ankasankha mapulagi anayandikira, anaona, n'kupukusa mutu. Mnyamatayo anangoti lamulo ndi lamulo, n'kuyamba kuseweretsa foni.

Ndinali nditayamba kulongedza, ndikudziyankhulira ndekha m'Chichewa, pomwe munthu wina wonyamula makatoni kumbuyo anaima pafupi nane. Kani ndi wakwathu. Anati, "Achimwene, musachoke. Dikirani madala, afika posachedwa. Amenewo ndi omva." Ndinati, "Zikomo achimwene," n'kukakhala pabenchi panja. Mulungu amudalitse munthu ameneyo, chifukwa ndikanachoka ndi mkwiyo uja ndemanga inoyi ikanakhala ya nyenyezi imodzi.

Mwini shopu ndi bambo wachikulire, wa imvi mbuu, zala zake zodzaza zipsera za mpeni ndi guluu. Sanatsutse kalikonse. Anatsegula bokosi, ananunkhiza, analitembenuza, n'kumatula chipepala chija ndi chikhadabo. Pansi pake panali bala lalikulu la madzi. Anakhala chete kanthawi, kenako anavomera yekha kuti matalala a chilimwe chathachi anaboola denga la stoo, ndipo mabokosi omwe ananyowa analamula kuti aikidwe padera. LT-40 ina analibe, ndipo kuitanitsa kuchokera ku America kukanatenga nthawi yaitali. Anandifunsa ngati ndikufuna ndalama zanga kapena tikonze zomwe zaonongeka. Ndinasankha kukonza, chifukwa nthiti za phiko ndi zidutswa zonse zodulidwa ndi laser zinapulumuka.

Zomwe anachita kenako ndi zomwe zinandifewetsa mtima. Ananditengera kushelefu ya matabwa, n'kuyamba kusankha limodzi limodzi. Lililonse ankalipinda pang'ono, kuliyang'ana m'litali diso limodzi atatseka, kuliunika pawindo kuti aone mmene mitsempha yake yayendera. Anatulutsa kasikelo kakang'ono n'kumayeza awiriawiri, kuti thabwa la phiko lamanja lifanane kulemera ndi la phiko lamanzere. Ine ndagwira matabwa zaka zambiri, koma balsa ndinali ndisanaone munthu akumusankha chonchi, ndipo n'zoona, matabwa awiri ofanana kukula amatha kusiyana kulemera kwambiri. Timitengo ta msana anandipatsa tatsopano, towongoka, titagubuduzidwa pagalasi lomwe lija popanda phokoso. Anawonjezera guluu wolimba wa epoxy osandilipiritsa, pulasitiki yokutira n'kunditsitsira mtengo. Atamva kuti ndine kalipentala tinacheza za guluu mpaka makasitomala ena anayamba kudikira.

Koma mnyamata uja sanamuuze kuti apepese. Anali pomwepo, akumva zonse. N'chifukwa chake nyenyezi zathera pa 3.

Kumanga kwake kunali kokoma. Buku la malangizo lili ndi zithunzi sitepe iliyonse, ndipo munthu woti sanamangepo akhoza kutsatira ngati sakuthamanga. Chofunika koposa ndi bolodi lathyathyathya lolowa mapini. Ine ndinagoneka chidutswa cha siling'i bolodi pachitseko chakale chosapindika, pulani pamwamba, kenako pulasitiki yopyapyala kuti guluu asamate pepala. Nthiti zimachoka m'thabwa lake ndi kungokankha ndi chala, m'mphepete mwake muli mwakuda chifukwa cha kupsa kwa laser. Pitsanipo sandipepa pang'ono pamalo polumikiza, guluu amagwira bwino pa thabwa loyera kusiyana ndi pamwaye. Phikoli pansi pake ndi pafulati, ndiye limagona lokha pabolodi, simuvutika ndi zochirikiza. Guluu wa CA (supa guluu) wamadzimadzi uja amalowerera m'malumikizo n'kuuma nthawi yomweyo, koma utsi wake umaluma m'maso, tsegulani windo. Pamalo oti mudzapala ndi sandipepa ine ndimakonda guluu wamba wa matabwa, chifukwa CA akauma amalimba kuposa balsa, mukamapala thabwa limadyeka guluuyo n'kutsala ngati kamzere. Polumikiza mapiko awiri pakati ndi pathabwa lomangirira injini, epoxy wa mphindi 30 basi, osanyengerera. Thabwa la injinilo ndi malo a thanki muzipake epoxy wosungunula kuti mafuta asadzalowe. Thupi lake ndi la pulayiwudi wopepuka, zidutswa zimalowana m'mipata yake, mumazimanga ndi timphira, kuona kuti zawongoka, kenako guluu.

Kukuta ndegeyo ndi pulasitiki, yomwe imamatidwa ndi ayironi, ndi gawo lofuna mtima. Ine pamwamba ndinaika yoyera ndi mizere yofiira, pansi yabuluu wakuda. Ndege ikapita kutali mumafuna kudziwa msanga ngati mukuona msana kapena mimba.

Bokosi limati injini ya saizi .40 ikwana, ndipo kunyanja ku Durban mwina n'zoona. Kuno Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, injini imataya mphamvu ndipo phiko limafuna liwiro lochulukirapo kuti linyamuke. Ndinaika injini yokulirapo, O.S. 46AX, ndipo sindikudandaula. Kukalabu anafuna kaye umembala wa SAMAA (bungwe la owulutsa tindege totere ku South Africa), womwe umabwera ndi inshulansi, kenako anandipatsa mphunzitsi. Asanailize anainyamula ndi zala ziwiri pansi pa phiko pomwe pulani yasonyeza, thanki ili yopanda mafuta, mphuno n'kuweramira pansi pang'ono mmene zimafunikira. Anayesa rimoti ali patali, anaona ngati zowongolera zonse zikupita mbali yoyenera, ndipo anayang'ana phiko kuchokera kumchira nthawi yaitali. Anati lawongoka. Mawu amenewo anandikhala bwino mumtima.

Inathamanga pang'ono pamsewu wake n'kunyamuka yokha, myaa, osapendekeka. Trim, timabatani ta pa rimoti towongolera ndege kuti isakokere mbali, anangoikhudza pang'ono. Atandipatsa kudzera pa rimoti yachiwiri yolumikizidwa ndi yake, ndinamvetsa chifukwa chake anthu amaikonda ndegeyi. Mapiko ake anakwezedwa pang'ono kunsonga, ndiye ikapendekeka inu n'kusiya timitengo ta rimoti, imayamba kudziwongola yokha, kukupatsani nthawi yoganiza. Ndi yaikulu, imaoneka bwino kumwamba, ndipo potera imabwera mwapang'onopang'ono. Mphepo yokha ndiyo saikonda, ikaomba kutsogolo imakwera mosafunsa, choncho miyezi ya mphepo ngati Ogasiti pitani m'mamawa. Phiko limamangidwa ndi timphira kuti mukatera moipa lisunthe m'malo mothyoka, koma mafuta a injini amatiwoletsa, muzisintha pafupipafupi.

Musaiwale kuti m'bokosimo mulibe injini, rimoti, masevo anayi (timamota toyendetsa zowongolera), batire, pulasitiki yokutira, guluu ndi mafuta. Zonsezo pamodzi zimaposa mtengo wa kit yeniyeniyo.

Kushopu kuja ndimapitabe, chifukwa cha madala aja ndi achimwene a kumbuyo, komanso palibe pena pafupi pomwe amasunga balsa wosankhika chonchija. Mukapitako funsani mwini wake, ndipo bokosi lililonse mulitembenuze muone pansi. Mabokosi onyowa aja sanali limodzi lokha. Akakana kutsegula musanalipire, siyani. Mnyamata uja akadali pa tilu. Sabata yatha ndinakagula mafuta, anandipatsa chenji nkhope ili pafoni, moni osayankha.