Simu ya pamsewu, ya m'sitolo kapena ya kwathu: kwa ophunzira ongofika ku Joni

Chaka chikamayamba, ana obwera kudzaphunzira ku mayunivesite a Wits ndi UJ amandifunsa funso limodzimodzi: achimwene, tigule Vodacom, MTN, Telkom kapena Cell C? Zoti iyi njotchipa, iyo imagwira paliponse, mukazimva kwa anzanu, komanso pasukulu pali Wi-Fi yaulere. Ine chondidetsa nkhawa ndi dzina limene simuyo yalembedwamo.

Ya pamsewu imakopa. Mwangotsika basi pa Park Station, zikwama zili m'manja, amayi kumudzi akudikira kumva kuti mwafika bwino, ndiye mnyamata akukuonetsani timakadi tili pa katoni, akuti nzolembetsa kale, ingoikani muimbe. Imagwiradi nthawi yomweyo. Koma lamulo la ku South Africa lotchedwa RICA limafuna kuti simu iliyonse ikhale ndi mwini wake wolembedwa, ndipo mwini wa imeneyo ndi munthu amene simudzamuona.

Mtsikana wina wa ku Zomba anatsegulira akaunti ya kubanki nambala yotereyi. Atamutsomphola foni ku Braamfontein, anathamangira kusitolo kuti amubwezere nambala yake. Dzina la pa pasipoti ndi la mu kompyuta zinasiyana, nkhani nkuthera pomwepo. Ndalama za lendi, zimene bambo ake anachita kuzivutikira kubanki ku Malawi ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku, zinali zitalowa kale mu akaunti. Koma timanambala totsimikizira malipiro tinkapita ku nambala imene sanathenso kuifikira. Anakhalira kuima pa mizere kusinthitsa chilichonse, uku mwini nyumba akugogoda m'mawa ndi madzulo. Mwana wosalakwa analira chifukwa cha kakhadi ka marandi ochepa, ndipo mpaka pano ndikaona makatoni aja mtima umandipweteka.

Ya m'sitolo imafuna pasipoti ndi umboni wa kumene mukukhala, monga kalata ya ku hositelo kapena pangano la lendi. Imachedwetsa pang'ono, koma ikatayika nambala imabwerera kwa inu. Tengani yolipiriratu. Kontrakiti ya miyezi 24 isiyireni olandira malipiro a pamwezi, chifukwa wodalira makwacha a makolo sadziwa za mawa. Tonse tikukumbukira mmene Kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Ya kwathu, kaya Airtel kaya TNM, musaitaye ayi. Muitsegulitse kuti izigwira kunja musananyamuke, muzilandirirapo mauthenga a banki ya kwathu, a Airtel Money kapena a Mpamba. Koma intaneti yake muzimitse, ndipo kuimba muziimbira pa WhatsApp, apo ayi mayunitsi amatha musanamalize moni.

Za msonkho nazo zimadzera pa nambala yomweyo.  Visa ya sukulu imalola kugwira ganyu maola osapitirira 20 pa sabata, ndipo mukapeza ntchito yothandiza aphunzitsi kapena ya mu laibulale, adzakufunsani nambala ya msonkho ya ku SARS, bungwe lotolera misonkho ku South Africa. Polembetsa pa eFiling, tsamba la pa intaneti la SARS, amatumizanso kanambala kachinsinsi, ndiye nambala ya foni ya ku South Africa (+27) imene mupereke kumeneko ikhale yomwe munapereka kubanki, yolembedwa ndi pasipoti yanu. Ngati munagula kale ya pa katoni, imbirani amayi lero, mawa mudzukire kusitolo musanapite kubanki.