MRI kapena fNIRS: poyeza ubongo wa mwana wosamva

Ana awiri osamva akaikidwa cochlear implant (chipangizo chothandiza kumva chomwe amachiika m'khutu pochita opaleshoni) ali ndi zaka zofanana, wina amayamba kulankhula msanga, mnzake amachedwa. Madokotala akufuna kudziwiratu amene angachedwe kuti ayambe kumuphunzitsa kulankhula mwakhama nthawi isanapite. Ziwiri mwa njira zoyezera ubongo ndi MRI ndi fNIRS.

MRI imajambula kapangidwe ka ubongo. Mu 2018, Nancy Young wa ku chipatala cha ana cha Lurie ku Chicago ndi Patrick Wong wa ku Hong Kong anasonyeza kuti kompyuta ikaphunzitsidwa ndi zithunzi zojambulidwa opaleshoni isanachitike, imatha kulosera mmene mwana adzamvere mawu. fNIRS ndi chipewa chokhala ndi timagetsi toyeza magazi m'ubongo mwana akamamvetsera.

Mtengo: MRI ndi yodula kwambiri, koma ana ambiri amajambulidwa kale pokonzekera opaleshoni. fNIRS ndi yotsikirapo, yonyamulika.

Kwa mwana: mu MRI muli phokoso ndipo kawirikawiri amamugoneka ndi mankhwala. Pa fNIRS amakhala maso, pamiyendo pa mayi ake.

Kuzama: MRI imaona ubongo wonse. fNIRS imangofika pamwamba, ndipo tsitsi lakuda lowirira, ngati la ana athu, limatchinga kuwala kwa timagetsi tija. Vuto limeneli opanga zipangizo asalinyalanyaze.

Opaleshoni ikachitika, maginito a chipangizo cham'khutu amasokoneza zithunzi za MRI, pomwe fNIRS imagwirabe ntchito.

Mwana amene akuyembekezera opaleshoni, MRI ndiyo yomuyenera. Amene waikidwa kale chipangizo ndipo akufunika kumuyeza mobwerezabwereza, fNIRS ndiyo yabwino, ngakhale ikadali kwenikweni m'manja mwa ofufuza.